Tsiku limene ndinamwalira m'nkhokwe

Nkhani iyi ndinkafuna kudzapita nayo kumanda, koma poti boma likudziwa kuti kumandako ndinapita kale, palibenso chobisa. Sekani ndithu, ine misozi inandithera.

Ndine Armando, wa kuno ku Mualadzi, m'boma la Chifunde. Ndinaphunzira uenjinyeru wa za ulimi ku Tete ndi ngongole ya boma. Nditamaliza, ndinayenda m'maofesi ndi dipuloma kukhwapa mpaka nsapato zinayasamula, ntchito osaoneka. Ndinabwerera kumudzi kudzagwira khasu lomwe lija ndinalitsanzika mwamatama. Anthu odutsa ankandipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji a enjinyeru?" ine matope olekeza m'maondo.

Kenako foni inayamba kulira. Nambala ya ku Tete. Ndinangoiyang'ana. Mawa lake, nambala yomweyo. Mtima unandiuza kuti awa ndi eni ngongole, akufuna zawo, ndipo pakhomo pathu chogwira ndi mbuzi za amayi basi. Ndinachotsa kadi m'foni n'kuiponya m'chimbudzi. Munthu wophunzira ine!

Madzulo ake ndinawauza amayi kuti, "Akabwera a boma kudzandifunsa, mudzanene kuti kulibe."

Amayi sanafunse chifukwa, ndipo muyenera kudziwa kuti bwanji. Nthawi ya nkhondo, iwo ali mtsikana, galimoto inaima pakhomo pa agogo. Anatsika anthu ovala bwino n'kutchula dzina la mlongo wamkulu wa amayi. Anati amubweretsera nkhani yabwino, akwere akamve. Sanabwererenso mpaka lero. Banja linathawira ku Malawi, ndipo pobwerako linabwera ndi lamulo limodzi: galimoto ikafunsa mnyamata, mnyamatayo kulibe. Lamuloli si la pakhomo pathu pokha, ndi la mudzi wonse.

Ndiye tsiku lina titangokolola, ndikukhomera khasu mumpini, ndinamva injini. Galimoto yoyera, ya boma, ikukhotera kwathu.

"Nkhokwe!" anatero amayi, osakweza n'komwe mawu.

Ndinatukula denga n'kudziponya m'kati. Chimanga chathu amayi amachithira phulusa kuti anankafumbwe asachiboole, ndipo chaka chimenecho sanaumire. Ndinagona pamwamba pa chimangacho, mphuno nditagwira, diso lili pakampata.

Anatsika mayi wina wamtali, wolankhula Chinyanja chabwinobwino. Anati dzina lawo ndi a Dona Selina, a ku ofesi yoona za ngongole za ophunzira. Amayi anawayalira mphasa pamthunzi. Mthunzi wake uti? Wa nkhokwe yomweyo!

"Ndabwerera a Armando," anatero a Dona. "Alipo?"

Ine ndinkadikira kuti amayi anene kuti ndinadutsa pa chipata cha Cassacatiza kupita ku Zambia kukasaka maganyu. Bodza laulemu, losapha munthu.

"Anatisiya," anatero amayi.

"Anapita kuti?"

"Anamwalira, mayi. Tinaika mwezi wathawu."

Ndinatsala pang'ono kumeza chitsononkho.

Mwatsoka, a Nabanda oyandikana nafe anali atangofika kudzabwereka lichero. Anayang'ana galimoto, anayang'ana amayi, n'kumvetsa zonse. Lichero pansi, manja kumutu: "Mayo ine! Armando mwana wathu!" M'mawa womwewo ndinali nditawakonzera chitseko cha khola! Posakhalitsa pabwalo panadzaza amayi olira, aliyense akudziwa bwinobwino kuti ndili moyo. Malume anga a Sitefano anatulukira, anavula chipewa n'kukhala pansi mwachisoni.

"Pepani kwambiri," anatero a Dona. "Chinawatenga n'chiyani?"

"Malungo," anayankha malume. "Thupi lake linali lofewa. Sukulu inamuwononga. Anali mwana waulemu ndithu, koma khasu silinkamukonda. Mizere yake inali ngati njira ya munthu wochokera kumowa."

"Eee, zoona," anavomera olira aja.

Abale anga, palibe chowawa ngati kumva mbiri yako pamaliro ako omwe, ulibe mpata woyankha.

A Dona anapukusa mutu. "Zandikhudza bwanji. Ife sitinabwere kudzatenga kanthu ayi. Boma linatituma kuyendera ophunzira amene akulephera kubweza, tiwathandize nzeru. Amene sali pa ntchito timamuimitsira ngongole mpaka adzayambe kulandira. Komanso ku Chifunde kukufunika mlangizi wa ulimi, wopatsidwa njinga yamoto yomwe. Dzina la mwana wanu linali patsogolo. Tawaimbira foni mpaka tatopa, n'chifukwa chake ndati ndifike ndekha. Ndinabwera ndi nkhani yabwino."

Ntchito! Njinga yamoto! M'nkhokwe muja munatentha ngati m'ng'anjo. Ndinaika pakamwa pakampata n'kunong'ona: "Amayi! Amayi!"

Amayi anamenya nkhokwe ndi chigongono. "Makoswe," anauza mlendo. Kenako anatembenukira kwa malume: "Mwamva achimwene? Nkhani yabwino. Ndi momwe ananenera aja."

"Ndi momwemo," anatero malume, nkhope ili gwa.

Apa ndi pamene ndikanatuluka. Koma manyazi, anthuni! Enjinyeru wathunthu atuluke m'nkhokwe pamaso pa mudzi wonse? Ndinayamba kukonza nzeru. Ndidikire olira achepe, ndituluke chakumbuyo, ndizungulire kukhola, ndifike ngati ndikuchokera kumunda. Kenako ndinakumbukira kuti malemu sachokera kumunda. Ndili m'kati moganiza, a Dona anaimirira.

"Foni imagwira pati kuno?"

Malume anawalozera chulu cha kuseri kwa khola, pomwe tonse timakwera tikafuna netiweki. Mphepo inandibweretsera mawu onse. A Dona ankaimbira ku ofesi kwawo m'Chipwitikizi, chomwe ine ndimachimva bwino kuposa aliyense m'mudzi muno. Anatchula dzina langa, anati ndamwalira, alitseke kuti banja lisavutitsidwe. Kenako anati, "Malo aja apatseni wotsatira."

Manyazi anathera pomwepo. Ndinagunda denga ndi mutu, linagwera uko, ine n'kuimirira ndili mbuu ndi phulusa, kuyambira tsitsi mpaka kumapazi.

"Ndili moyo! Dona, ndine Armando! Ndili moyo!"

Woyendetsa galimoto, amene ankadya nzimbe pambali, anaitaya n'kudzitsekera m'galimoto. A Nabanda anakuwa, "Mzukwa!" ndipo sindikudziwa mpaka lero ngati ankapitiriza sewero kapena anachitadi mantha.

Amayi okha sanagwedezeke. "Musamumvere, mayi. Uyu si iyeyo. Ndi mng'ono wake, mutu wake suyenda bwino. Timamusunga m'menemo."

"Chibadwire," anawonjezera malume.

"Amayi, mukundipha!"

"Mwamumva?" anatero amayi. "Amayankhula choncho."

Ndinadumpha, ndinathamangira m'nyumba, ndinabwera ndi bilyeti yanga, chiphaso chokhala ndi chithunzi. A Dona anayang'ana chithunzicho, anayang'ana nkhope yanga yaphulusa, anayang'ananso amayi. Sanaseke. Bola akanaseka.

"Ndakukhulupirirani, a Armando," anatero mwachifatse. "Koma malo aja ndangowapereka ndi pakamwa pangapa. Dzina lanunso latsekedwa. Kuti litsegulidwe, pafunika mboni za m'mudzi muno zibwere nanu ku ofesi ya boma ku Chifunde zidzanene kuti muli moyo. Mukatero tidzakuikaninso pamzere."

Ndinati zimenezo n'zosavuta. Mudzi wonse umandidziwa!

Ndinayamba ndi malume. Anati, "Ine ndinavula chipewa pamaso pa boma. Ndikachivalenso bwanji? Akanditsekera."

Ndinapita kwa a Nabanda. Anati, "Mwana wanga, ndinakulira ndi mtima wonse. Ndiye ndikakupereke ndekha m'manja mwawo? Mayi ako ndidzawayang'ana bwanji?"

Ndinayenda khomo ndi khomo. Aliyense ankandipatsa mpando, madzi akumwa, ndi yankho lomwelo. Anthu a kwathu angakubise m'nkhokwe, m'dzenje, ngakhale m'khola la nkhumba, koma kukanena ku boma kuti mnyamata wakuti alipo, zimenezo ayi. Ndinapita ndekha ku Chifunde pa njinga yobwereka. Mlembi anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti malemu sangadzichitire umboni yekha.

Malo aja anapatsidwa Domingo, mnzanga wa m'kalasi amene ankakopera mayeso kwa ine. Mvula yoyamba itagwa anafika pamunda pathu pa njinga yamoto yatsopano, chipewa cholimba chili kumutu. Anatsika, anayendera munda manja ali kumbuyo, n'kundiuza kuti mizere yanga ndi yokhota.

Atapita ndinakhala pamzere n'kugwira tsaya. Amayi anatsamira khasu lawo n'kuyang'ana fumbi la njinga ija likuzimiririka. M'maso mwawo munali chisoni chenicheni.

"Mwana wa eni ake," anatero. "Waona? Uja a boma anamutenga. Iwe uli pano."

Ndiye ndili pano ndithu, malemu wolima chimanga. Alendo akafika pakhomo, yambani mwamva chomwe abweretsa musanamwalire.