Musawakwiyitse Atate

Lolemba
Mantha anga ndi amodzi. Loweluka ndikupeleka mwana wanga Tisa kutsogolo m'tchalitchi, ndipo dzanja ili likanjenjemela, abale a mkamwini ochokela ku Kacholola adzati ndalawila kachasu. Si kachasu, ndi matenda a Parkinson. Adokotala ku Petauke anafotokoza bwino: mtima ukavutika kunjenjemela kumakula, ukakhala pansi kumachepa. Ndiye pulani: sabata yonse osakwiya. Ndaitana a m'nyumba, ndawafotokozela monga ndinkaphunzitsila sayansi kusukulu. Agwedeza mitu.

Lachiwili
Nyumba yati zii. Ndikalowa, nkhani ikutha. Amake Tisa akuyenda monyang'ama ngati pali malilo. Wailesi yasowa, akuti zandale zingandikwiyitse. Wailesi yanga! Supuni ikugogoda yokha m'kapu.

Lachitatu
Ndikufuna kukaona dimba. "Pumulani, atate." Njinga abisa. Ndapita wapansi. Ndapeza:
mpanda uli pansi,
lepu wa paukwati yense wadyedwa,
ndowe za ng'ombe za a Tembo, oyandikana nafe.
Zinachitika Lolemba, ndipo onse akudziwa! Mabatani a shati andikanika.

Lachinayi
Mlamu wanga wabwela ndi botolo la mizu, akuti ndinalodzedwa. Ndikumufotokozela modekha za ubongo ndi mankhwala akuchipatala. Akundisisita paphewa: "Musalankhule, alamu, mungakwiye." Ndakwiya kale!

Lachisanu
Mailo ndi ukwati. Komiti ikukumana kuseli kwa khola, popanda ine. Ndamva ndi makutu anga: mng'ono wanga ndiye apeleke Tisa, "kuti atate asavutike." Ndakalipa mpaka nkhuku zathawa. Mwendo nawo wayamba. Mapilitsi ndamwa panthawi yake, koma lelo agonja.

Loweluka
Pakhomo la tchalitchi dzanja likuvina lokha. Mng'ono wanga wayandikila. Tisa wamuyang'ana, mng'ono wangayo wabwelela. Tisa wagwila dzanja langa, walipanikiza m'khwapa mwake. "Atate, ng'ombe zija zadyanso matimati. Ndati ndikuuzeni ineyo." Ndaseka! Tayenda. Likunjenjemelabe, koma pang'ono. Wina wa ku Kacholola wanong'ona za kachasu. Ndamva. Ndamuleka.

Sondo
Pulani yafa. Lepu palibe, matimati palibe, botolo la mlamu likadali pawindo. Matenda sanapite kulikonse. Koma wailesi yabwela, ndipo amake Tisa akundikalipila za masokosi monga kale. Tiyi watayika pang'ono chabe. Wina akadzawelenga izi, ngati kwanu kuli wonjenjemela ngati ine, tayesani kumuuza za ng'ombe tsiku lomwelo.