Nyimbo ya Munthu Wogwa pa Makwerero

Lolemba
Ndavomera. Kalabu ya mafilimu akale ku Tottenham, kuno kwa azungu, ikufuna woliza kiyibodi Loweruka. Filimu yake ndi yopanda mawu, ya makedzana: wopenta nyumba, makwerero, ndowa ya penti, wapolisi wonenepa. Mayi woyendetsa kalabuyo akuti anthu akaseka ndiziliza mwezi uliwonse, dzina langa lili pachikwangwani. Dzina langa! Zaka zonsezi kutchalitchi ndine "wa kiyibodi uja", digiri ya nyimbo ili phee m'sutikesi pansi pa bedi.

Zofunika:
nyimbo yothamangitsana
nyimbo yokwerera makwerero
nyimbo yogwera
osauza aliyense wa kutchalitchi

Lachiwiri
Ndaionera kasanu. Sindinaseke. Mwina vuto ndine. Opeka nyimbo za mafilimu akalewa ankaidziwa ntchito: munthu akamakwera nyimbo ikwere naye, akagwa igwe naye nthawi yomweyo. Ukachedwa pang'ono, nthabwala yasanduka ngozi. Ndalemba masamba anayi ofotokoza chifukwa chake kugwa kumaseketsa. Nyimbo, ngakhale mzere umodzi.

Lachitatu
Yothamangitsana yatheka! Ndikuiliza monyadira, azakhali omwe ndimakhala nawo akulowa ndi majumbo a kushopu, akumvetsera. "Iyi ndi ya chopereka eti? Yakoma." Ndikuyesanso. Zala zanga zikafika kumapeto zimapita zokha ku Ameni. Wapolisi akuthamangitsa wopenta ngati akumuperekeza ku mgonero.

Lachinayi
Azakhali apeza kalata ya kalabu pamwamba pa filiji. Iwo ndi mtsogoleri wa kwaya ya amayi, ndiye pofika masana aliyense wamva. "Mwana wathu akaimbe kwa azungu ife titakhala pakhomo? Anthu adzati ndife otani?" Ndikuwafotokozera kuti filimuyi ilibe mawu. "Ndiye tikawathandiza." Bambo Tembo, a ku Lusaka aja oyendetsa kabasi ka tchalitchi, aimba foni: "Usavutike mwana, nizabwelesa bonse."
Bonse!

Lachisanu
Pachimake ndi apa: wopenta wagwa, wagona ngati wafa, wapolisi wavula chipewa mwachisoni. Kenako wopenta watsegula diso limodzi, liwiro. Ndiliza kanyimbo ka maliro konamizira, pang'onopang'ono, diso likangotseguka ndilumphira ku yothamangitsana ija. Mwina ndine katswiri. M'sitima ya Victoria line, pakati pa masiteshoni awiri, ndasintha maganizo.

Loweruka
Azungu okalamba, majuzi, makapu a tiyi. Mzere wakutsogolo: amayi khumi ndi anayi, yunifolomu yoyera, mabuku a nyimbo pamiyendo. Azakhali akufunsa ngati titsegule ndi pemphero. Mayi wa kalabu akumwetulira ngati wameza fupa, tapemphera.

Filimu yayamba. Kuthamangitsana: akuseka! Makwerero: akuseka! Mtima wanga ukuvina.

Wopenta wagwa. Ndikuliza kanyimbo kanga ka maliro. Azakhali: "Mayo, mwana wa eni ake!" Basi aiyatsa nyimbo, yeniyeni ya pasiwa, amayi onse aipolokezera, mawu anayi bwinobwino. Kwathu nyimbo ya maliro ikayamba saisiyira panjira. Azungu aimirira, mitu pansi. Gogo wina wa juzi lobiriwira akupukuta misozi. Wopenta watsegula diso, wathawa, wagweranso m'ndowa, filimu yatha. Palibe waona, onse atsinzina.

Ine? Zala zanga zawatsatira. Ndime zonse zinayi. Ndi Ameni yemwe.

Mayi wa kalabu wandigwira dzanja, akuti zamufika pamtima. Kenako akupempha nambala ya azakhali: akufuna kwaya pa mwambo wokumbukira malemu mwamuna wake. Za mwezi uliwonse sanatchule. Bambo Tembo m'basi: "Koma mwana uyu aziba kuliritsa bantu!"

Lamulungu
Ndabwerera pampando wanga, pafupi ndi mphika wa maluwa apulasitiki. Abusa akukwera masitepe a kuguwa, molemedwa, sitepe imodzi imodzi. Sindikudziwa kuti zachitika bwanji. Zala zanga zaliza ya makwerero, kukwera nawo bwinobwino, osachedwa ngakhale pang'ono. Tchalitchi chonse chagwa ndi phwete, mayi busa mpaka kubisa nkhope m'duku.

Ndiye nyimbo yanga imaseketsa. Abusa akufuna kundiona tikaweruka, azakhali akuti tikambirana kunyumba. Ndatsegula buku, nyimbo yotsekera, pang'onopang'ono.