Ziweto Zanu Zaswana, Bwana

Kanyama, Lusaka
10 Malichi 1997

Kwa Bwana Mkulu wa Kampani ya Dzukani Tikule,

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada pansi, ngakhale pansi pake pali ponyowa, kuti ndikupatseni uthenga wokoma. Ziweto zanu zaswana! Zaswana, Bwana, mpaka ine mwini nyumba ndimalowa mopempha njira.

Mwina mwandiiwala, pajatu anthu akuluakulu mumaona nkhope zambiri. Ndine Edwell Mtambalika, amene ndinasunga sitolo ya kampani yogaya chimanga zaka makumi atatu ndi chimodzi, kufikira tsiku limene anaigulitsa natiuza kuti tsopano aliyense adziimire payekha. Kusukulu sindinapondeko. Zilembo ndinaziphunzira pa matumba ndi pa makatoni, choncho mukaona china chapendekeka, dziwani kuti pa thumba chinali chotero.

Mu Meyi chaka chatha munatiitana ife odulidwa ntchito makumi awiri ku holo ina ku Matero. Munatipatsa banzi limodzi limodzi, kenaka munatsegula bokosi. Munali tizilombo totuwa ta miyendo khumi ndi inayi, tija timakhala pansi pa miyala yonyowa, timene mukatikhudza timadzikulunga ngati njere ya nandolo. Munati azungu kwawo amatiweta m'magalasi monga ife tiwetera mphaka, ndipo kuti pakatha miyezi itatu mudzabwera ndi galimoto kudzatenga. Aliyense analandira bokosi la tizilombo makumi asanu, lolembedwa kuti Katundu wa Kampani. Ndinasaina ndi dzanja langali.

Tsono ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo posankha Kanyama. Ndakhala kuno chiyambire nthawi ya Federeshoni, ndipo chaka ndi chaka madzi a mvula amalowa m'nyumba osagogoda. Tinkadandaula, osadziwa kuti tikukhala pa famu! Munati ziwetozi zimafuna chinyezi. Bwana, chinyezi chokha ndiye tili nacho cha mtundu wapamwamba. Ba Mukupa, amene anali dalaivala kuntchito kwathu, anaika bokosi lawo padenga ku Mandevu kuti ziwothe dzuwa, zinauma zonse tsiku lomwelo. Ena khumi ndi asanu ndi atatu aja anataya zawo atamva kuti ofesi yanu yatsekedwa. Ndatsala ine ndekha! M'Lusaka yense muno, mlimi wanu ndine.

Chachiwiri, zikomo pa chiweto chosavuta kudyetsa. Munati masamba owola ndi zikamba za mazira basi. Zoona, zinayamba ndi zimenezo. Zitadzaza bokosi ndinazisamutsira m'beseni, kuchoka m'beseni m'dilamu lodula pakati, kenaka m'madilamu atatu ndi m'bafa limene tinkasambitsiramo ana. Zazikazi zimanyamula ana kumimba, m'kathumba, ndipo zikatsitsa mumangoona tinthu toyera mbuu ngati mwakhuthula mpunga. Ndinayesa kuwerenga, poti kuwerenga katundu ndiyo inali ntchito yanga, koma katundu uyu amayenda uku mukumuwerenga. Tsopano ndimayeza ndi chitini cha kondensi. Sabata latha zinakwana zitini makumi anayi ndi zitatu, kupatula zimene zinadzilemba zokha ntchito panja pa madilamu. Zimenezo zadya katoni ya pansi pa bedi, zanyambita laimu wa kukhoma kufika m'mawondo, ndipo zadya theka la setifiketi yoyamikira ntchito yanga. Mawu oti wokhulupirika anapita. Dzina lokha zinalisiya, ulemu zili nawo.

Chachitatu chija ndi nkhani ya akazi anga, a Magdalene, amake Tiwo. Apa pokha ndilemba pang'onopang'ono.

Mayi ameneyu anapirira. Zitalowa mu nsapato anangokutumula. Zitadya mbande zake za tomato kuseri kwa nyumba anangoti, "Atate ake Tiwo, alendo anu aja ayamba kudzipakulira okha." Koma Lachinayi lina mwezi wathawu inali nthawi yake yotsogolera pemphero ku Chigwirizano cha amayi. Anavala bulauzi yoyera, duku loyera, lochapa ndi kusita. Duku limeneli linagona pa mpando pafupi ndi dilamu lachiwiri. Ali pakati pa pemphero, maso ali chitsinzinire, ziweto zanu zisanu ndi ziwiri zinatuluka m'mphepete mwa duku n'kutsika pamphumi mondondozana. Mayi Elesi, amene satsinzina popemphera kuti aone amene satsinzina, anakuwa. Amayi anamwazikana, benchi inagwa, pemphero linathera pa "ndiponso". Bwana, mukanaona mmene zinalili zonenepa! Onse anavomereza kuti sanaonepo zazikulu chotero. Ndimati mudziwe kuti katundu wanu watchuka.

Tsiku lomwelo amake Tiwo anamanga chitenje n'kupita kwa mwana wathu ku Lilanda. Pa khomo anatembenuka nati, "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu sindinapikisanepo ndi mkazi wina, lero ndipikisane ndi nsabwe za kampani? Pasaka akapeza zili m'nyumba muno, ine ndikwera basi ya ku Chipata, mukandifunse kwa achimwene." Mkamwini wandiuza kuti chikwama chili kale pafupi ndi chitseko. Pasaka ndi pa 30 mwezi uno. Mkazi ameneyu sanena kawiri, ndimamudziwa.

Anansi andipatsa nzeru zambiri zaulere. Ba Kafula, amene amagulitsa makala pafupi nafe, tsiku lililonse amandikuwira pa mpanda kuti, "Imwe bashi Tiwo, tilani chabe manzi yakupya, vizafa vonse, bamayo babwele!" Madzi otentha, pa katundu wa kampani! Ba Chisala nawo akuti nditsegulire nkhuku zawo, ntchito idzatha tsiku limodzi. Nkhukuzo zamva kale mbiri, zimakhala pa khomo panga chilili ngati anthu ofuna ganyu, ndipo ine ndimakhala ndi ndodo kuzilondera. Anthuwa sanagwirepo ntchito ya m'sitolo, ndiye sindiwaimba mlandu. Inu mukudziwa lamulo lake: chimene wasainira sichituluka pakhomo popanda pepala la mwini wake, lodinda sitampu. Thumba likang'ambika, ufa ukawola, sutaya. Umasunga mpaka wamkulu abwere, aone, adinde. Zaka makumi atatu ndi chimodzi sipanasowepo ngakhale singano yosokera matumba m'manja mwanga, ndiye ndiyambe lero, imvi zili mbuu, kuti anthu azinena kuti Mtambalika anadyetsa nkhuku katundu wa eni? Iyayi.

Choncho ndinakufunani. Ku ofesi yanu m'tauni ndapita kanayi, wapansi, kudzera ku Chibolya kumene anyamata anandisecha m'matumba napeza tizilombo titatu, nandibwezera mwaulemu. Pa ofesipo ndinapeza akugulitsa zovala zakale za salaula, makoti a azungu omwe aja amene munati akudikira ziweto zathu. Wogulitsayo anati dzina la kampani yanu akulimva koyamba. Ndinasilira, Bwana. Kusamuka mosasokosa chotero ndi khalidwe la munthu woleredwa bwino.

Koma Mulungu sagona. Dzulo ndinagula kapenta pamsika, ndipo pa nyuzipepala imene anakulungira ndinaona nkhope yanu! Mwanenepa, Bwana, ndinakondwa. Pansi pake analemba kuti Loweruka pa 22 mukutsegula hotela yanu yatsopano, ya makapeti kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda, ndi udzu wothiriridwa m'mawa ndi madzulo. Ndinavina ndekha m'nyumba, mosamala kuti ndisaponde katundu. Udzu wothirira! Makapeti! Ana amenewa akupita kwabwino kuposa kumene anakulira.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Musavutike ndi galimoto ija, mafuta adula. Ndapangana ndi a mawilibala anayi a ku msika wa Soweto, ndipo Loweruka limenelo pa teni koloko tidzafika pa geti lanu lalikulu ndi madilamu atatu, bafa, beseni ndi bokosi lanu loyamba lija, lonse lamphumphu. Alonda anu muwauze asatilozere kuseri, chifukwa katundu wa kampani amalowera kumaso, mwini wake akuona. Alendo anu olemekezeka akhale mboni, ndi a nyuzipepala omwe.

Ndalemba kale pepala loperekera katundu, mapepala awiri monga mwa mwambo, lina lanu lina langa. Inu mungoyeza zitini, musaine, mudinde sitampu. Inki ikhale yokwanira, chifukwa pepala langalo ndikupita nalo molunjika ku Lilanda, ndipo amake Tiwo adzaliyang'anitsitsa pa dzuwa asanamasule chikwama.

Mukakhala otanganidwa ndi kudula riboni, musadzipanikize chifukwa cha ine. Kudikira ndinazolowera. Ndidzakhala phee pa kapeti ya polandirira alendo pamodzi ndi katundu wanu mpaka mutapeza mpata. Kungoti paja munatiphunzitsa nokha ku Matero kuti ziwetozi zisakhale zovundikira kupitirira ola limodzi. Ine malangizo anu sindinawaphwanyepo, ndipo ulendo wa wilibala kuchokera ku Kanyama ndi ola lathunthu.

Ndine wantchito wanu wotsalayo,

Edwell Mtambalika
Wosunga sitolo wakale, Kanyama