Fayilo Yotchedwa Asiyatu

Zamanyazi ndachita zambiri chibwerere ku Joni, koma nkhani imene ndikuuzeniyi ndi imene imandichititsa kulambalala doko la ku Malindi mpaka lero.

Mariamu ndi mwana wa mlamu wanga, mchimwene wa malemu mkazi wanga Asiyatu. Amaphunzira za nsomba ku yunivesite. Chaka chatha anabwera ndi laputopu kudzayeza chambo chimene asodzi amabwera nacho, kutalika ndi kulemera kwake. Manambalawo amalowa mu pulogalamu yowerengera, koma pulogalamuyo siyenda yokha. Iye analemba timalamulo tochepa, akuti sikiripiti, toiuza kuti tenga za lero, werengera, sunga mu fayilo.

Sukulu itatsegulira, anasowa womusiyira ntchito.

"Ankolo, mungathe?"

"Iwe, ine ndakalambira pa kompyuta ku Joni. Malata ali pamwambawa azakhali ako anawaona chifukwa cha kiyibodi."

"Muzingolowetsa manambala n'kudina apa. Musakhudze china."

Masiku oyamba ndinamvera. Koma mayina a mafayilowo ankandinyansa: manambala a deti okhaokha, ataliatali ngati a akaidi, tsiku lililonse kubadwa latsopano. Ndinatsegula sikiripiti, ndinapeza mzere wopereka dzina, ndinachotsa za detizo n'kulembapo Asiyatu. Musadabwe. Njinga yanga ndi Asiyatu, mbuzi yanga ndi Asiyatu. Munthu amene ndinamusiya yekha zaka zonse zija, n'kudzamupeza ali kale pa mphasa, ndimamupepesa ndi mayina.

Mariamu anaimba foni.

"Ankolo, mafayilo akuchuluka?"

"Zonse zili mwa azakhali ako."

"Mwa ndani?"

"Ndazisonkhanitsa pamodzi. Dzina lake Asiyatu."

"Oo, mwapanga foda! Mashallah, ankolo."

Foda ndi fayilo kwa ine zinali mlamu ndi mlamu, chinthu chimodzimodzi. Ndinangoti eya.

Pa doko ndinatchuka. Asodzi ankakuwa ali m'bwato, "Apulofesa, bwerani muyeze ichi chisanaole." Mwera unaomba n'kuleka, dzuwa linayamba kuphika, ine ndili pomwepo ndi sikelo, mamba m'zikhadabo. Ndikafika kunyumba ndinkadina, n'kuona nthawi ya pa Asiyatu yasintha, mumtima n'kumati walandira.

Boma litatseka nyanja kuti chambo chiswane, Mariamu anabwera ndi aphunzitsi ake, mayi wa magalasi. Ndinavala kanzu yanga yopitira ku mzikiti pa Ijuma, ndinawayalira mkeka pakhonde.

Mariamu anatsegula Asiyatu. Anayang'anitsitsa, kenako anandicheukira.

"Ankolo, izi ndi nsomba za tsiku lomaliza."

"Tsika m'munsi."

"M'munsi mulibe kanthu."

"Zilimo, mwina zapanikizana."

Aphunzitsi anakoka laputopu, anawerenga sikiripiti, kenako anavula magalasi.

"Bambo, dzina likakhala lomwelomwelo, fayilo ya lero imafufuta ya dzulo. Deti lija ntchito yake inali kuletsa zimenezi."

"Ndiye zinazo zapita kuti, amayi?"

"Kumene chinapita chambo chimene munayezacho."

Chambocho anthu anadyera kalekale. Nyanja ndi yotseka, ndipo nyengo imene inadutsa siingabwerere kudzakwera sikelo. Mariamu abwereza chaka, anzake avala gauni iye kulibe.

Sanalire. Bola akanalira. Anatseka laputopu pang'onopang'ono ngati akuphimba maliro.

"Azakhali ankakumbukira chilichonse, ankolo. Ngakhale Idi iliyonse imene munalonjeza kubwera osabwera. Inu mwawasandutsa munthu wokumbukira za lero zokha."

"Mwina ndi mkazi wotero amene ndinkafuna," ndinatero.

Palibe anaseka. Aphunzitsi anafunsa njira ya ku basi.

Ukamusowa malemu, kamuchitire sadaka. Pa ntchito za amoyo dzina lake lisiye.