Tsiku Limene Ndinamasula Mbuzi za Apongozi

Masiku ano ndikatsika kabaza kwa Kanduku, kwawo kwa mkazi wanga, anthu amayamba kumwetulira ndisanapereke n'komwe moni. Ena amachita kundifunsa ngati ndabwera ndi zingwe. Nkhaniyi aikometsera kwambiri kumeneko, mpaka ena akumati ndinalira (linali thukuta), choncho ndaganiza zoti ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Ine ndimagwira ntchito pamalire a Mwanza, yothandiza madalaivala a mathiraki pa mapepala a katundu. Anthu amaganiza kuti ntchito yathu ndi yothamangathamanga, chonsecho ndi yodikira. Ukapereka mapepala umadikira. Akatuluka umapeza dalaivala wapita kukadya, umadikiranso. Ndiye tsiku lina a Jussa, dalaivala amene tinazolowerana kalekale, anandipeza ndikuyasamula pabenchi.

"Achimwene, mufa ndi tulo apa. Bweretsani foniyo ndikuikireni gemu."

"Ya mpira?"

"Ayi, ya nkhosa."

Ndinawaseka mpaka kutsokomola. Koma foni ndinapereka.

Gemu yake ndi yodabwitsa. Mulibe mfuti, mulibe galimoto, mulibe wokuthamangitsa, ndipo palibe chimene umawina. Iwe umakhala kamunthu kovala chijasi, ndodo m'manja, ndipo ntchito yako ndi kukweza nkhosa kuchokera m'chigwa kupita nazo pamwamba pa phiri. Basi. Paliponse pali nkhungu, mphepo ikugwedeza udzu, kanyimbo kakulira chapansipansi. Ukaimba likhweru nkhosa zimasonkhana. Ukakweza ndodo kumanja zimakhotera kumanzere, pang'onopang'ono, mwaulemu. M'njiramo umapeza zina zitamangidwa pachikhomo, umazimasula, zimakuyang'ana ndi maso othokoza, umazipatsa dzina, n'kulowa m'gulu. A Jussa anati inapangidwa ndi anthu atatu okha a dziko lina lozizira, ndipo ndikukhulupirira kuti mwa atatuwo palibe anaonapo mbuzi ya ku Mwanza.

Pofika sabata yachiwiri ndinali nditapenga nayo. Nkhosa zanga zonse ndinkazidziwa mayina, ndipo tsiku limene ina inagwera kuphompho nkhomaliro inandikanika. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndinabadwa ndi mphatso ya ubusa, kungoti moyo unandiponyera ku mapepala. (Dziwani kuti ndinakulira ku Ndirande, ndipo chiweto chokha chimene ndinasungapo ndi mphaka, amene anasamukira kwa aneba patangotha mwezi.)

Tsopano mumve za apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga. Kwawoko mwambo wopewana ndi mkamwini akadaugwiritsa. Zaka zinayi chikwatirireni mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanayankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire uku, ine uko. Moni unkadzera mwa mkazi wanga, mayi a Tadala, ngakhale tonse tili pabwalo limodzi, wina kuseri kwa nkhokwe. Zinkandiwawa, ndisaname. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinkalakalaka tsiku loti ndidzakhale pamkeka ndi mayi amenewa n'kumacheza nawo momasuka.

Ndiye mu Januwale uthenga unafika: apongozi akuti nthawi yakwana yoti timasukirane. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi kudzabwera ankhoswe, nkhuku idzafa, ine ndidzapereka mphatso, iwo adzandipatsa moni ndi pakamwa pawo. Ndinavina muofesi. Ndinawolokera ku Zobue, kutsidya kwa malire, kukagula kapulana, nsalu yolimba ija ya kwa anzathuwa, ndipo kwa sabata yathunthu ndinkayeserera pagalasi kagwadidwe ndi kayankhidwe ka moni. Chomwe ndinkayenera kuchita chinali chimodzi chokha: kukhala munthu wolongosoka kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu masana.

Ndinakwanitsa mpaka Loweruka, cha m'ma teni koloko m'mawa.

Tsikulo kunacha ndi nkhungu, mvula itavumba. Apongozi analawirira kumunda wawo wa mtedza kukapalira, ndipo mayi a Tadala ankapita kuchigayo. Asanasenze thumba anandiitana.

"Bambo a Tadala, mbuzi zija zamaliza udzu pomwe zili. Mukazisunthe. Muzule chikhomo chimodzi, mukakhome pena, mubwerere china. Imodziimodzi, mwamva?"

"Mayi, mukuphunzitsa ine za ziweto?"

Anapukusa mutu, anasenza thumba lawo n'kumapita.

Kumudzi aliyense amadziwa kuti nthawi ya dzinja mbuzi zimakhala pachingwe chifukwa m'minda muli mbewu. Inenso ndinkadziwa, sindingabisale kuti sanandiuze. Koma nditakwera kaphiri ka kuseri kwa nyumba, mtima unangoti phwii. Nkhungu ili mbuu, udzu ukugwedezeka ndi kamphepo, mapiri akuoneka patali mwa apo ndi apo. Ndinati, Ambuye, gemu ija ndi imeneyi! Ndipo poteropo panali mbuzi zisanu, zazikazi zinayi ndi tonde wothyoka nyanga imodzi, iliyonse pachikhomo chake, zikundiyang'ana. Ine ndinaona ngati zikundidandaulira. (Lero ndikudziwa kuti mbuzi imayang'ana choncho chilichonse, ngakhale chitsa.)

Ndinaika timahedifoni m'makutu, ndinatsegula kanyimbo ka m'gemu kaja, ndinathyola ndodo. Kenako ndinayamba kumasula, osati kuchikhomo ayi, kukhosi kwenikweni, chifukwa m'gemu muja mulibe nkhosa imayenda ikukoka chingwe. Iliyonse ndinkaisisita pamutu n'kuipatsa dzina: Chifundo, Mtendere, Madalo, Lonjezo. Tonde ndinamutcha Wofatsa.

Mphindi zitatu zoyambirira zinali zokoma kuposa tsiku langa la ukwati (mayi a Tadala sawerenga zinthu ngati izi). Mbuzi zinayenda patsogolo panga mondondozana, zikubudula udzu, ine pambuyo ndodo m'mwamba, misozi ili lengelenge. Ndinajambula kavidiyo n'kutumizira a Jussa: "Onani achimwene, zenizeni izi!"

Ndikutumiza chomwecho, Wofatsa anadzutsa mutu, n'kununkhiza mphepo. Kumunsi kwa phiri, nkhungu itang'ambika pang'ono, kunaoneka munda wa mtedza uli biriwiri.

Sindinade nkhawa. Ndinakweza ndodo kumanja kuti zikhotere kumanzere. Ziwiri zinapita kumanja, imodzi kumanzere, Wofatsa ndi inzake analunjika kumunsi. Ndinaimba likhweru kuti zisonkhane. Likhwerulo linamveka ndithu, koma analimva ndi galu wa eni ake amene anatulukira m'tchire mosangalala, poganiza kuti ndamuitanira uzimba. Apo ndiye zonse zisanu zinagwirizana chimodzi, n'kuliyatsa liwiro kutsetsereka.

Ndinazitsatira. Ndinali nditavala nsapato za kuofesi (mkamwini amafunika kuoneka bwino), ndipo nsapato zimenezo sizidziwana ndi matope a katondo. Theka la phirilo ndinatsika ndi miyendo, theka linalo ndi matako. M'makutumu kanyimbo kaja kakulirabe mofatsa, ngati palibe chikuchitika.

Nditadzuka m'mphepete mwa munda, ndinaona mbuzi zili balala m'mizere, ndipo pakati pa mundawo pali munthu atawerama ndi khasu. Apongozi. Miyendo yanga inachita yokha zomwe inazolowera zaka zinayi: ndinadumphira kuseri kwa chulu n'kunyonyomala. Nawonso atangondiona anatembenuka, anafunda nsalu kumutu, n'kukhala pansi atandifulatira.

Tangoganizani. Anthu awiri akuluakulu, wina kuseri kwa chulu, wina wafunda nsalu, tonse tikupatsana ulemu wonse, mbuzi zisanu zikudya mtedza pakati pathu. Ndinaimbira mayi a Tadala kanayi, koma ndani angamve foni m'chigayo?

Kenako ndinamva mawu, okweza koma osalunjika kwa ine.

"Iwe mbuzi yoyerawe, kawauze alendo ali kuseri kwa chuluwo kuti mtedza ukutha."

"Mbuzi yoyera, uwauze amayi kuti ndamva, ndipo ndapepesa kwambiri."

"Uwafunse kuti zingwe zili kuti."

"Uwauze kuti zatsala kuphiri."

"Uwafunse kuti zatsala bwanji."

"Uwauze kuti nkhani yake ndi yaitali."

Mbuzi yoyerayo, Mtendere, inkangotafuna, maluwa a mtedza ali lendelende kukamwa.

Tinayesa kupirikitsa mbuzizo titafulatirana. Ine ndinkayenda chambuyo ndikukupiza ndodo, iwo ankaponya zibuma osayang'ana kumene akuponya, moti chimodzi chinandipeza pakhutu n'kugwetsa kahedifoni. Mwamwayi zazikazi zija zinkawadziwa mawu, ndipo atazikalipira zinatuluka m'munda n'kukaima panjira ngati sizinalakwe kanthu. Koma Wofatsa anali ndi maganizo ena. Anadutsa mizere yonse kulunjika kumunsi, kumene mtedza wa apongozi unachita malire ndi chimanga cha eni ake, chofika m'chiuno. Akanalowa mmenemo, Lamlungu lathu likanasanduka la mlandu, ndipo za kumasukirana zikanathera pomwepo.

Ndipamene zinachitika.

"Bambo a Tadala! Mutsekereni kumunsiko! Thamangani!"

Anthuni, anandiitana. Ine. Osadzera mwa mbuzi, osadzera mwa mkazi wanga. Chimwemwe chinandikwera kumutu, zonse zinandibalalika kupatula zomwe ndinayeserera pagalasi. Ndinagwada pamzere, ndinawomba m'manja mwaulemu, n'kunena momveka bwino kuti, "Ndili bwino amayi, kaya inu?"

Wofatsa anandidutsa pamphuno penipeni.

"Gwirani mbuziyo inu! Mukupemphera?"

Ndinadziponya chafufumimba n'kugwira mwendo wakumbuyo. Tonde wa kumudzi ndi wamphamvu, musamuone kuchepa. Anandikoka kudutsa mizere ingapo, ine ndikusalaza mtedza ndi chifuwa, mpaka apongozi anafika n'kumugwira nyanga yotsala ija. Tinapezeka tayang'anizana, iwo kumutu, ine kumiyendo, tonse tikupuma wefuwefu. Kanali koyamba kuwaona nkhope pafupi. Maso awo ndi a mayi a Tadala enieni, makamaka a mayi a Tadala akapsa mtima.

"Lamba," anatero.

"Amayi?"

"Vulani lamba timangire mbuziyi."

Thalauza limenelo ndinagula pakaunjika, ndipo linali la munthu wodya bwino kuposa ine. Lamba ndiye ankaligwira. Choncho ulendo wobwerera kumudzi unali wotere: apongozi patsogolo ndi khasu lawo ndi mbuzi zinayi, ine pambali pawo, dzanja lamanja likukoka tonde, lamanzere litagwira thalauza, nsapato imodzi itatsala m'matope. Njira yake ndi yodutsa pamjigo, ndipo Loweruka pamjigo pamakhala amayi a mudzi wonse akuchapa. Palibe anaseka ife tikudutsa. Anadikira tipitirire pang'ono, kenako kunaphulika chikhakhali chimene ndikuganiza kuti chinamveka mpaka ku Boma. Pakhomo tinapeza mayi a Tadala atangofika kumene. Anatula ufa bwinobwino, anayang'ana mayi awo, anayang'ana ine, n'kukhala pansi akufa nalo phwete.

Lamlungu ankhoswe anabwera ndithu. Atamva nkhani yonse, amalume ake a mkazi wanga anapukuta misozi n'kufunsa kuti, "Ndiye ife tabwerera chiyani? Anthu oti dzulo munagwirizana tonde mmodzi?" Komabe nkhuku inafa, ndipo ine ndinagwada n'kupereka kapulana uja. Ndinali wotsimikiza kuti apongozi anena kuti tidikire zaka zina zinayi.

Analandira, anaiyala pamiyendo, anaisisita. Kenako anasuntha pang'ono pamkeka kuti ndikhale, n'kundiyang'ana m'maso.

"Zaka zinayi ndakhala ndikuponda minga kutchire kuthawa inu," anatero. "Ndinkati mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wamkulu, wa kuofesi, woopsa. Ndikanadziwa kuti muli chonchi, bwenzi titamasukirana chaka choyamba chomwe."

Anthu onse anagwa nacho chiseko.

"Mizere munasalaza ija ndi isanu ndi inayi," anapitiriza. "Mtedza wake sudzukanso. Loweruka mubwere muunde, tidzalemo mbatata. Mwamva, mwana wanga?"

Ndinavomera ndi mutu ndikupukuta m'maso, ndipo ulendo uno silinali thukuta.

Ndinapita Loweruka limenelo, ndi linzakelo. Apongozi anaima pambali panga m'mawa wonse akundiuza kuti khasu sindidziwa kugwira, mizere yanga ndi yokhota, ndipo foni ndiisiye m'thumba. Ulemu uja ankandipatsa unapita, sudzabweranso, ndipo matuza a m'manja anatenga mwezi kuti apole. Phunziro lake ndalimva: mbuzi ya dzinja siimasulidwa, ngakhale ikuyang'ane mwachisoni chotani. Kungoti mukanandibweza paphiri paja lero, zingwe zisanu zili patsogolo panga, sindikulonjeza kuti ndikanazisiya zomanga.