Geti Lathu Lalowa mu Chimbale

Lolemba

Tadala watumiza chimbale chake chatsopano pafoni. Chachiwiri. Uthenga wake ndi waufupi: "Adadi, mumvere. Ndikubwera Lamlungu mudzandiuze zoona."

Ndakhala kaye pansi. Mwana ameneyu chimwalirireni mayi ake sanandipemphepo kanthu. Akaimba foni kuchokera ku Blantyre timangofunsana za BP ndi za magetsi, kenako tonse zii, mpaka mmodzi aname kuti netiweki yavuta. Lero wandipempha maganizo. Ndikayankha zopusa Lamlungu, ndikudziwa kuti sadzandifunsanso.

Koma wafunsa munthu woyenera. Besi wa kwaya ya kumpingo kwathu ndine, kuyambira iye asanabadwe.

Dongosolo la sabata ino:
- nyimbo ziwiri patsiku, nditakhala pampando, osati ndikusita
- kulemba ndemanga ngati munthu wodziwa zinthu
- osamukondera poti ndi mwana wanga
- osatulutsa misozi ngati pa chimbale choyamba (chinali chimfine chija)

Chimbale choyamba ndinachimvetsa bwino. Ng'oma, malipenga, anyamata oyankha kumbuyo, nyimbo zachikondi zomwe zinkalira m'maminibasi a ku Liwonde ndi pa maukwati onse a kuno ku Mtiya. Ndinkachita nazo manyazi pang'ono, komabe kondakitala aliyense ndinkamuuza kuti woimbayo ndi mwana wanga.

Ndatsegula nyimbo yoyamba. Sindikumva kanthu. Ndakweza mpaka kumapeto. Kagitala kamodzi, ndi munthu akunong'ona ngati chipinda chinacho muli wodwala. Ng'oma zapita kuti? Kuseri kwa mpanda neba wanga Che Bwanali akukhoma malata a khola la nkhuku, ndipo amene akumveka bwino ndi iwowo.

Ndemanga ya lero: sipika ya foni yanga yafa.

Lachiwiri

Ku ofesi. A Nachisale a ku akaunti andibwereka mahedifoni awo. Iwo chimbalecho achimva kale, akuti kangapo konse. Akuti, "Bambo, imeneyi ndi indi." Ine ndamva ngati akuti inde, ndiye ndawafunsa kuti inde chani poti sindinawafunse kanthu. Aseka mpaka kugwira tebulo. Akuti ndi dzina la mtundu wa nyimbo: woimba amangopanga zomwe mtima wake wafuna, popanda bwana womuuza kuti wonjezera ng'oma anthu avine. Akuti Tadala wakula.

Wakula bwanji mawu atachepa? Kwathu kukwaya munthu akakula, mawu ake amamveka mpaka kumsewu.

Nthawi ya nkhomaliro ndavala mahedifoni. Tsopano ali pafupi, pakhutu penipeni. Ndikumumva akupuma. Asanayambe mzere akukoka kaye mpweya, monga ankachitira ali wamng'ono akafuna kupempha chinthu chovuta. Ndavula mahedifoni, ndapita kukamwa madzi.

Nyimbo yachiwiri ikunena za mvula ya pamalata. Yachitatu ndi ya munthu amene walongedza chikwama koma sakunyamuka. Za anyamata palibe ndi imodzi yomwe. Ndasangalala, kenako ndayamba kuda nkhawa.

Koma pali vuto lenileni. Kumbuyo kwa nyimbo kukumveka kaphokoso. Kwiiii... kwi. Pena koyambirira, pena pakati pa mawu. Ndasuzumira pansi pa desiki. Ndagwedeza mpando wanga uku ndi uku. Si mpando.

Ndemanga:
- besi palibe
- akweze mawu, azidya kaye asanajambule
- situdiyo imeneyo muli khoswe

Lachitatu

Ndapita ndi foni kwa wokonza mafoni wa kumsika. Wamvera, wagwedeza mutu motsatira gitala, wandibwezera. Akuti foni ilibe vuto, phokosolo analiikamo dala. "Ndi sitayilo, madala." Ndamuuza kuti mwana wanga sanaleredwe motero.

Dzuwa la Zomba lero likuotcha ngati tinalilakwira. Ndafika pakhomo thukuta lili kamukamu, ndakankha geti.

Kwi.

Ndaima. Ndatseka. Ndakankha pang'onopang'ono. Kwiiii... kwi.

Khoswe uja ndi geti langa!

Ndatsegula, ndatseka, ndatsegulanso, mpaka Che Bwanali asuzumira pampanda kufunsa ngati ndataya makiyi.

Tsopano ndakumbukira. Atabwera pa Isitala, Tadala anakhala m'mawa wonse pageti, foni ili m'manja, akukankha geti ndi chiuno. Ine ndinkayesa akusaka netiweki, ndipo ndinamuuza kuti imagwira bwino pansi pa mtengo wa mapeyala. Kani anali kujambula. Geti lomwelija mayi ake ankandiuza kuti ndithire oyilo, ine nkumati mawa. Lero Malawi yense akumva ulesi wanga. A Nachisale aumva kangapo konse. Kapena ndi abusa omwe.

Ndikuganiza kuti mwanayu akundidzudzula mwaulemu. Watengera mayi ake, amene akafuna kuti ndikonze mpando wothyoka sankanena kanthu, ankangondipatsa womwewo alendo akabwera. Chabwino mwanangu, ndamva.

Lachinayi

Ndapempha tsiku ku ofesi. Ndati ndili ndi nkhani yapabanja, ndipo si bodza.

Pakhomo sipamvereka nyimbo zonong'ona. Che Bwanali amaliza khola, tsopano nkhuku zalowamo. Ndakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka pamwamba paphiri, kumtsinje wa Mulunguzi, kumene tinkabwera atatu pa Khirisimasi, Tadala akuthamangira patsogolo, mayi ake akukuwa kuti aterereka pamiyala.

Kuno kwazizira bwino. Mapaini, madzi, bata. Batalo lakhala mpaka andiona ogulitsa masitirobeli. Ndagula kwa mmodzi kuti andisiye, ndipo abwera ena awiri ndi mabulosi. Ndagulanso mabulosiwo, kenako ndawathawira kumunsi, ndapeza mwala wanga.

Nyimbo yachinayi. Ndilembe zoona poti pano palibe akundiona: pakati pa mitengo iyi kamawu kaja kakukwana. Sakulimbana ndi madzi, akungoyenda nawo limodzi. Pa chimbale choyamba ankaimba kuti anthu amuone. Pano akuimba ngati wayiwala kuti kuli anthu. Mfundo imeneyi ndaikonda, ndidzainena Lamlungu ngati yangondibwerera kumene.

Nyimbo yachisanu, m'malo mwa ng'oma, muli dontho la madzi. Tho. Tho. Tho. Ndayang'ana kumtsinje. Ayi, lili m'mahedifoni. Mpopi wanga wa kuseri, wodontha uja! Nawonso walowa mu chimbale. Mwana ameneyu anazungulira nyumba yonse. Mwayi wake chimbudzi ndinakonza chaka chatha.

Ndikutembenuka, nyani wakhala pambali panga, akudya masitirobeli anga mosapupuluma, akundiyang'ana ngati tinapangana. Ndamusiyira. Wamaliza ndi mabulosi omwe.

Yatsala nyimbo imodzi, yomaliza. Dzina lake ndi Geti. Ndisanaganize zoitsegula, foni yatha moto. Wa kabaza ndimuimbira ndi chiyani? Ndatsika phiri wapansi, ndipo mawondo anga aimba njira yonse, mawu onse anayi.

Lachisanu

Foni ndachaja ku ofesi. Koma nyimbo yotchedwa Geti sindiimvera geti langa lisanakonzedwe. Ndikudziwa kale zomwe ikunena. Munthu sungakhale pansi kumvetsera chidzudzulo pamene ungathe kuchichotsa ndi manja ako.

Poweruka ndapempha oyilo kwa Che Bwanali, wotsala wa njinga yamoto ya mphwawo. Ndathira m'mahinjesi onse awiri, pamwamba ndi pansi, osaumira. Mpopi ndaumanga ndi mphira wa chubu. Ndakankha geti. Zii. Ndatseka. Zii. Likuyenda ngati la ku banki.

Ndanyadira zedi. Lamlungu Tadala akafika adzaona yekha kuti bambo ake amamva.

Che Bwanali aonerera ntchito yonse atatsamira mpanda. Pomaliza akuti, "Achimwene, nanga ife tizidziwa bwanji kuti mwabwera?" Akuti akazi awo amateleka tiyi wamadzulo geti langa likalira. Ndaseka. Anthu a ku Mtiya alibe wotchi?

Madzulo kukwaya. Sindikudziwa chandigwira, koma besi yanga ndaiimba motsitsa, pansipansi. Mkulu wa kwaya waimitsa nyimbo kundifunsa ngati ndikudwala.

Loweruka

M'mawa, pakhonde, tiyi ali pambali, geti lili phee. Munthu wopanda mlandu. Ndatsegula nyimbo yomaliza.

Gitala palibe. Geti lokha. Kwiiii... kwi. Kenako iye.

Akuimba za kamtsikana kokhala pawindo madzulo, kope la sukulu lili pamiyendo, kakudikira geti lilire. Likalira kamodzi mwachidule, ndi bambo, poti iwo amatsegula ndi dzanja. Likalira motalika kenako pang'ono, ndi mayi akuchokera kumsika kumene ankagulitsa zitenje, manja onse ali ndi katundu, akukankha ndi chiuno nkubweza ndi chidendene. Akuti masiku ano geti limalira mwachidule pokhapokha. Akuti bambo ake nawo, mphepo ikakankha geti motalika, amadzutsa mutu, kenako amanamizira kufuna magalasi.

Anandiona liti? Ine ndinkayesa palibe akuona.

Pomaliza akulipempha getilo kuti lisasiye kulira, poti pakhomo pano latsala lokhalo lodziwa kalowedwe ka mayi ake.

Si chimfine. Ndalira ndithu, tiyi mpaka wazizira.

Kenako ndadzuka ngati ndakhala pa nyerere. Zomwe ndayesa pa mahinjesi kuyambira m'mawa:
- sanza
- sopo wa ufa ndi madzi otentha
- phulusa
- mchenga
- mandimu ndi mchere (nzeru za Che Bwanali, akuti dzimbiri limakonda zowawasa)

Ndakankha ndi dzanja. Ndakankha ndi chiuno, mayi wina wodutsa ndi mtolo wa nkhuni mpaka wayang'ana kumbali. Zii. Oyilo wa Che Bwanali ndi wabwino kwambiri, Mulungu awakhululukire.

Mpopi wokha ndaumasula mphira, wayambanso kudontha. Pamenepo pokha ndapambana.

Mawa akubwera. Ndimuuza chiyani? Kuti chinthu chimodzi chimene anapempha kuti chisafe ndachipha Lachisanu, ndikuimba mluzu?

Lamlungu

Ndabwerako kutchalitchi, ndaphika mpunga ndi nkhuku, ndakhala kuseri pafupi ndi mpopi. Ndati ndimva akamalowa, ndidzuke, ndikamulandire ndi nkhope yokonzeka. Ndayiwala kuti chondiuza palibenso.

Podikira ndatsegulanso nyimbo ija pa sipika. Pansi pa mawu ake pali malo opanda kanthu, ndipo pakamwa panga pangolowamo pokha. Besi yapansipansi, yosasokoneza. Ndafika nayo kumapeto.

"Adadi, geti latani?"

Ali kumbuyo kwanga, chikwama chili paphewa. Kaya waima nthawi yaitali bwanji.

Ndamuuza zonse. Khoswe, nyani, oyilo, mandimu. Watsitsa chikwama pansi. Kenako wayamba kuseka, waseka mpaka wakhala pansi pasitepe, wafunsanso za mandimu, wasekanso. Kusekako kwasintha pakati, ndipo ine ndakhala naye pasitepe pomwepo. Mpunga wapserera pang'ono.

Titadya wandifunsa za zoona zija. Ndatulutsa pepala la ndemanga m'thumba la malaya. Besi palibe. Akweze mawu. Khoswe. Mfundo yanga yabwino ya kuphiri ndaisaka m'mutu, yathawa. Ndapinda pepala, ndabweza m'thumba.

Ndati, "Mawu usakweze, mwanangu. Ndamva zonse."

Wakoka mpweya monga amachitira. Akuti besi ija anaimva atayima kumbuyo kwanga ndisaiyiwale, ali nayo ntchito. Talankhula mpaka dzuwa lapendeka, ndipo za BP sitinafikeko.

Ndamuperekeza. Pageti wakankha ndi chiuno, wabweza ndi chidendene. Zii. Waligwira pamwamba ngati mutu wa mwana. Akuti tsiku limene lidzalirenso ndimuimbire, adzakwera minibasi yoyamba.

Ndiye dongosolo la sabata yatha ndi ili: ndemanga palibe, masitirobeli anadya nyani, mahedifoni a eni ake sindinabweze. Oyilo wotsala ndawabwezera Che Bwanali, ndawauza kuti asadzandipatsenso ngakhale nditagwada. Geti ndizilithirira madzi m'mawa ndi madzulo ngati mbewu ya mpiru, mpaka mvula itayamba. Ya kuno ku Zomba sichita ulesi.

Ndangochokera kukaliyesa. Likadali chete.