Tsiku Limene Ndinati Ndisambitse Galu wa Apongozi

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine manja anga ndi a saluni. Ku Zomba kuja ndatsuka mitu yamitundumitundu, ya ana olira, ya akwati onjenjemera, ngakhale ya azimayi aja amabwera atakwiya kale kunyumba n'kudzaphwetsera mkwiyo pa iwe. Ndiye nditamva kuti kwa apongozi anga ku Misuku kuli galu woopa kusamba, ndinangoseka chamumtima. Galu? Kundikanika ine?

Koma ndiyambe ndi mwambo, poti ndi umene unandipalamulitsa. Unali ulendo wanga woyamba kukaonekera kwawo kwa amuna anga, ndipo tili m'galimoto, ikukwera zitunda mobuula, iwo anayamba kundilangiza.

"Kwathu mkazi wa mwana timati mkamwana," anatero, "ndipo mkamwana sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Sulankhula nawo, suwakhudza, asakuone kumutu kopanda mpango. Mukakumana panjira upatuke, ugwade, uyang'ane kumbali. Mabanja ambiri anasiya zimenezi, koma bambo anga ndi achikale."

Tangoganizani, ine pakamwa panga posatseka ngati wailesi ya m'minibasi! Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinali nditamva kale mphekesera zoti abambowo sanakondwe kuti mwana wawo wakatenga mkazi kutali, wam'tauni, wodziwa wigi ndi zikhadabo basi. Ndinkafunitsitsa kuti andilandire, zoona ndithu, mpaka ndinkasowa nazo mtendere. Nanga munthu amene sungamupatse moni, sungamuperekere madzi, angadziwe bwanji kuti ndiwe munthu?

Yankho ndinaliona likudzikanda pakhonde. Taiga, chigalu chofiirira, bwenzi lapamtima la abambo. Kumunda wa khofi ali limodzi, kutchalitchi Taiga amadikira pakhomo, akakhala pansi iye ali kumapazi. Koma fungo lake, abale! Ankati akadutsa, ngakhale nkhuku zinkapatuka, ndipo utitiri unkachita kuyenda pamsana pake ngati anthu a pamsika. Ndinati basi, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndimusambitsa galuyu anunkhire ngati mkwati, abambo akafunsa kuti wachita ndani, anthu ayankhe okha.

Apongozi anga aakazi atandiona ndikutereka madzi anafunsa, nditawauza anagwira pakamwa.

"Yayi, mwana wane, ntcheŵe iyi na maji, yayi chomene, galuyu ndi madzi sagwirizana. Ali kamwana anagwera mu ngalande yotsukira khofi, madzi anamutenga mpaka kumunsi uko. Kuchokera pamenepo akangomva beseni kulira, wapita."

"Amayi, musadandaule," ndinayankha monyada. "Mantha amachotsedwa ndi chikondi. Ine ndi ntchito yanga imeneyi."

Anandiyang'ana, n'kunyamula dengu lawo kupita kukadula nthochi. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine makutu anga tsiku limenelo anali m'kati mwa wigi.

Kuti mumvetse bwino, kwa apongozi anga kulibe malo athyathyathya. Khitchini ndi bafa zili pamtunda, nyumba ili kumunsi, pakati pali kanjira koterera kodutsa m'mitengo ya khofi. Masana amenewo abambo anali kumunsiko, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndi akuluakulu a mpingo amene anabwera kudzacheza, amuna anga ali nawo pomwepo. Ndinati zili bwino, ine pamtunda, iwo kumunsi, mwambo uli m'malo mwake.

Ndinayamba ndi usipa. Ndinaundanda pansi kuchokera pakhonde la khitchini mpaka pabeseni, Taiga n'kumatola kamodzikamodzi, mchira ukugwedera, ine ndikumuyamikira ngati mwana wophunzira kuyenda. Atafika pa kansomba komaliza anatalikitsa khosi, n'kukatola, n'kubwerera chambuyo kukakhala patali. Usipa wa ndiwo zamadzulo unatha choncho, galu asananyowe ngakhale chikhadabo.

Apa nzeru za saluni zinabwera. Mwana akamaopa kutsukidwa, umayamba wamuonetsa kuti sizipweteka. Ndiye ine, mayi wamkulu ndi mano anga onse, ndinavula nsapato n'kuima m'beseni. Ndinachotsa mpango ndi wigi n'kuzikoleka pa mtengo, ndinadzithira madzi kumutu, ndinapaka shampu wanga wodula uja mpaka thovu mbuu, uku ndikuimba nyimbo ya kwaya, uku ndikunena kuti, "Waona, Taiga? Waona kukoma kwake?" M'nyengo yozizira, ku Misuku! Mano anayamba kugundana. Taiga anangopendeketsa mutu n'kumandiyang'ana ndi chisoni, ngati akuti mayi awa abwera nawo kuchokera kuti.

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinatenga chingwe chomangira mbuzi, ndinamunyengerera ndi fupa mpaka ndinamumanga m'khosi. Ndiye poti ndinkafuna manja onse awiri agwire ntchito, mukuganiza nsonga inayo ndinaimanga kuti? Mtengo unali pomwepo, nsanamira ya khitchini inali pomwepo. Ine ndinadzimanga m'chiuno. Mfundo yake yolimba bwino, yoti isamasuke.

Ndinatunga madzi ofunda m'kapu, n'kumuthira pang'ono pokha pamsana.

Mayo ine! Sindinadziwe kuti galu ali ndi mphamvu ngati ng'ombe yapangolo. Analira kamodzi kokha, n'kuliyatsa liwiro, ine phazi limodzi lili m'beseni, ndinangomva chiuno chapita miyendo yatsala. Thapsa! M'matope amene ndinapanga ndekha. Thovu lonse lija linatsikira m'maso, sindikuona kanthu, ndikungomva nthambi za khofi zikundikwapula kumaso, chitenje chinakodwa penapake n'kutsala, ine ndikutsetsereka chamimba ndi kasiketi kam'kati, ndikukuwa mayina a abale anga onse a ku Zomba. Kumbuyo kwanga beseni nalo likubwera, gubudu gubudu, ndipo kulira kwa beseniko n'kumene kunkamuwonjezera Taiga moto.

Nanga galu akaopa amathawira kwa ndani?

Tinaima mwadzidzidzi. Ine maso akuwawa ngati ndathiramo tsabola, ndinapapasa n'kupeza nsalu, ndinaikoka n'kuyamba kupukuta kumaso, uku ndikukalipa, "Inu, musangoima apo ngati chitsa, gwirani chigalu chanuchi!" Ndinkayesa amuna anga. Nditatsegula diso limodzi ndinaona nsapato yakuda yopolishidwa bwino. Ndinakweza maso pang'ono, nsalu imene ndikupukutira mamina ndi thovu ija ndi mwendo wa thalauzi. Ndinakwezanso, ndipo tinaphana maso ndi apongozi anga aamuna, Taiga ali pamiyendo pawo, akunjenjemera, matope ali pa jekete lawo la kutchalitchi.

Ndawayang'ana, ndawakhudza, ndawalankhula, ndawatchula chitsa, mutu uli pamtunda ndi timangongo tanga ta pansi pa wigi. Malamulo onse amene ndinapatsidwa m'galimoto muja ndinawaswa pakamodzi, pamaso pa akuluakulu a mpingo. Kenako beseni linafika, n'kuzungulira pakati pa bwalo, n'kugona chafufumimba.

Amuna anga anaphimba nkhope ndi chipewa. Mkulu wina anatsala atanyamula kapu ya tiyi m'malere. Ine ndinatembenukira kumbali n'kugwada, poti ndi chokhacho chimene chinatsala, ndipo misozi inayamba kutsika yeniyeni, osati ya shampu. Mumtima ndinati basi, ukwati wathera pano, mawa ndikwera galimoto yobwerera kwathu.

Abambo anakhosomola. Anayang'ana kutali, cha ku nkhalango ya Mughese, kenako anaweramira galu wawo n'kumusisita khutu.

"Taiga," anatero ndi mawu odekha, "uwafunse amamaŵa ngati avulala."

Ndinadikira kuti wina ayankhe. Palibe. Ndiye ndili chigwadire, nkhope ili ku mtengo wa nthochi, ndinati, "Taiga, uwauze abambo kuti sindinavulale. Uwauzenso kuti ndapepesa kwambiri."

"Taiga, uwauze kuti chitsa chamva." Anapuma pang'ono, mawu akunjenjemera ngati munthu amene akulimbana ndi chifuwa. "Uwauzenso kuti pakhomo pano palibe anayesapo kukusambitsa, onse amangokunyoza fungo. Aŵa ayesa, yewo chomene. Kungoti pa awirinu, amene wasamba sindiwe."

Mkulu wa tiyi uja ndiye anayamba kuseka, tiyi kutulukira m'mphuno, kenako bwalo lonse linaphulika, abambo mapewa akugwedezeka, akupukuta misozi ndi khutu la galu. Apongozi aakazi anatulukira m'nthochi akuthamanga, anandifunditsa chitenje chawo mutu ndi thupi lomwe, akuseka mpaka kulephera kumasula mfundo ija. Anachita kudula ndi chikwakwa.

M'mawa mwake ndili kuseri kwa khitchini ndinawaona abambo atakhala padzuwa ndi kansalu konyowa, akumupukuta Taiga pang'onopang'ono, lero khosi lokha, beseni lili kutali. Analankhula mokweza, osatembenuka, "Taiga, uwauze amama ŵako kuti ukuyamba sukulu. Mwina chaka chamawa ufika m'kalasi mwawo."

Mpaka lero ine ndi apongozi anga aamuna sitinalankhulanepo, mwambo ndi mwambo. Koma timacheza kwambiri. Ndikapita ku Misuku amakhala pakhonde, ine kuseri kwa chitseko, Taiga atagona pakati, nkhani zikuyenda za khofi, za mvula, za ana, galu ali mtulo osadziwa kuti ali pantchito. Ngakhale pafoni amauza mwana wawo kuti, "Taiga akuti apereke moni kwa amama ŵake."

Ndiye ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu: sindidzasambitsanso galu wa munthu, ndipo chingwe sichidzafikanso m'chiuno mwanga. Taiga anunkhe mmene angathere. Mkhalapakati wanga ameneyo, ndipo aliyense womuyandikira ndi beseni ayambe wathana ndi ine.